Munauza Ndani Musanayatse?

Achimwene anga Ilyas ndi munthu woti akaganiza chinthu amayamba achita, kufunsa kumabwera pambuyo. Ndiye tsiku limene anandiimbira foni ndili pantchito kusitolo ya mankhwala, n'kundiuza kuti apeza malo abwino osungirako okalamba ku Oshawa, pafupi ndi kwawo, sindinadabwe. Ndinangopsa mtima. Wokalamba amene ankamunenayo anali bambo athu, Che Wadi, amene ndakhala nawo m'nyumba mwanga ku Scarborough, kuno ku Canada, chimwalirireni amayi.

"Sikina, usandimve molakwika," anatero achimwene. "Mutu wa Baba wayamba kusokonekera. Munthu wabwinobwino sangathamangire m'moto. Ndabuka kale apointimenti kwa dokotala kuti akawayeze. It's for his own safety."

"Mwawafunsa eni akewo?"

"Ndiwafunse chiyani munthu woti sakuyankha?"

Ndinadula foni. Nkhani ya moto imeneyi ndiifotokoze bwino, chifukwa anthu ambiri anaionera pa kanema wa pafoni n'kumaganiza kuti akuidziwa.

Kuseri kwa nyumba yosanja imene timakhala kuli dambo la udzu, lalitali ndithu, lokafika kumtsinje. Baba ankalikonda damboli. Akatha kuswali mapemphero a masana ankavala chijasi chawo n'kukayenda kumeneko, pobwera n'kumandiuza mbalame zimene aona ngati kuti ndinawatuma. Chimene ine ndi Baba sitinkadziwa n'chakuti anthu osamalira malowo amaliotcha dala zaka zina, chisanu chikangotha, kuti udzu ndi maluwa a kuno ziphuke bwino ndipo zitsamba zachilendo zife. Akuti chidziwitso anaika. Inde anaika. Ndinakachipeza pambuyo pake, kapepala ka m'Chingerezi pafupi ndi chikepe, kali pakati pa chidziwitso cha makina ochapira ndi cha malo oimika galimoto. Ine amene ndimawerenga Chingerezi ndinkakadutsa tsiku ndi tsiku osakaona. Nanga Baba, amene amawerenga Chichewa ndi Qur'an basi?

Tsiku la motolo, mu Epulo, Baba anatuluka pakhonde n'kuona utsi. Atayang'anitsitsa anaona mzere wa moto ukuyenda m'udzu wouma, ndipo kumapeto kwa dambo kuli nyumba za anthu. Anachita chimene munthu aliyense wa kwathu ku Namwera akanachita. Anatuluka akukuwa kuti "Moto! Moto!", akumenya zitseko za anansi, koma palibe anatsegula. Chikepe sanachidikire, anatsika pa masitepe, munthu wa mawondo odwala. Panja mitengo inali isanaphuke masamba, ndiye anathyola nthambi ya mkungudza pampanda, n'kudutsa pansi pa tepi yachikasu, n'kuyamba kupuntha moto. Ndipo ndinene monyadira kuti anauzimitsa chigawo chachikulu ndithu, mpaka lero pamalopo udzu wake ndi wosiyana.

Kenaka anaona munthu wovala zachikasu, chisoti kumutu, akuyenda m'mphepete mwa udzu ndi chitini cha mlomo wautali, akudonthetsa moto. Baba sanafunse. Anamukwapula ndi nthambi pamkono, chitini chinagwa, mafuta anatayika, moto unalilima n'kuwatentha dzanja lamanja ndi ndevu za mbali imodzi. Munthuyo anali mayi, dzina lake Olivia, mmodzi wa otsogolera gulu lootchalo. Ndi iye amene anawakokera kunja kwa moto n'kuwathira madzi mpaka ambulansi inafika.

Dzanja linapola bwino. Chimene sichinapole ndi kanema. Munthu wina anajambula zonse ali pakhonde pake, ndipo pofika madzulo kanemayo anali atafika pagulu la Amalawi la pa WhatsApp. Anthu athu ndiye akatswiri pa zoterezi. Wina anawatcha "agogo ozimitsa moto," wina anaikapo nyimbo, tinkhope toseka tinangoti mbwee. Ena mwa osekawo ndi anthu amene amadya m'nyumba mwanga pa Eid. Baba anamuona kanemayo kumzikiti, pafoni ya munthu amene ankaganiza kuti akuwasangalatsa. Atabwera kunyumba analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Kuyambira pamenepo anasiya kulankhula. Kudambo anasiya kupita, makatani a chipinda chawo sankatsegulanso. Ukawapatsa tiyi ankalandira, ukawafunsa kanthu ankangogwedeza mutu. Ine ndinkadziwa kuti ndi manyazi, chifukwa ndinawaonapo chonchi kale, chaka chimene fodya wawo anabwezedwa ku okushoni. Koma achimwene akabwera ankakhala patsogolo pawo n'kumawafunsa mafunso a mwana wa sitandade wani.

"Baba, lero ndi lachingati? Baba, tili m'dziko lanji kuno? Ine ndine ndani?"

Baba ankangoyang'ana khoma. Ndiye achimwene ankatembenukira kwa ine n'kuyamba kulankhula Chingerezi, Baba ali pompo, za manesi, za zitseko zokhala ndi alamu, za chipinda choyang'ana kumunda wa maluwa. Ndikawayankha m'Chichewa, iwo ankapitiriza m'Chingerezi.

"Achimwene," ndinawauza tsiku lina kukhitchini, "kwathu munthu woona moto n'kukhala pansi ndiye amene timati mutu wake sukuyenda. Inuyo simunathamangepo ndi nthambi? Ine ndikukumbuka."

"Kuno si ku Namwera, Sikina. Akanafa. Ukumva? Akanafa iwe uli kuntchito."

Pamenepo ndinaona kuti si nkhanza, ndi mantha. Koma mantha a achimwene ali ndi miyendo, amathamanga. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti Baba akakakhala duu chonchi pamaso pa dokotala, dokotalayo akalemba kuti sangathe kudzisankhira okha, ndipo akatero ndiye kuti Baba apita ku Oshawa. Ndinalumbira mumtima kuti zimenezo zichitika ine nditafa.

Kulumbira n'kosavuta, koma munthu wamkulu sungamutsegule pakamwa ndi supuni. Ndinayesa kuwanyengerera, ndinayesa kuwakalipira mwaulemu, ndinawaphikira chambo chouma chimene ndinkasungira alendo. Anadya, nati zikomo ndi mutu.

Thandizo linabwera kuchokera kumene sindinkayembekeza. Mayi wina wogwira ntchito muofesi ya phungu wa dera lathu anabwera kusitolo kudzapempha kuti amate chidziwitso pagalasi. Ndinachiwerenga chifukwa tsopano ndinali nditaphunzira kuwerenga zomata. Phunguyo akuti anali atapereka bilu kunyumba ya malamulo ya Ontario, yofuna kuti boma liziphunzitsa anthu za moto wootcha dala, kuti adziwe chifukwa chake ndi nthawi yake. Loweruka kunali msonkhano muholo ya laibulale woti anthu akapereke maganizo, ndipo gulu lootcha lija likakhalako. Tsiku la dokotala linali sabata yotsatira.

Madzulo ndinakakhala pakhomo la chipinda cha Baba n'kuwafotokozera zonse. Nditadzuka kuti ndizipita, ndinamva mawu awo, osasa ngati a munthu wongodzuka kumene.

"Mayi uja adzakhalako?"

"Mayi uti, Baba?"

"Amene ndinamumenya."

"Adzakhalako."

"Chabwino."

Anathera pomwepo, koma ine ndinapita kukhitchini n'kukalira. Lachisanu, atachoka kumzikiti, sanabwere molunjika. Anafika mochedwa atanyamula jumbo yomanga bwino, naiika mufiriji, nandiuza kuti ndisaikhudze. Sindinaikhudze, ngakhale mtima unkandiyabwa.

Achimwene ndinawaimbira ndekha. Poyamba anati Loweruka ali ndi zochita, ana ali ndi mpira, komanso kumutengera munthu wodwala pagulu n'kumuchititsa manyazi kawiri.

"Mverani, achimwene. Mukapanda kubwera Loweruka, tsiku la dokotalalo mudzapeza chitseko chokiya, ndipo kiyi wanu uja sadzatsegula, ndidzakhala nditasintha loko."

"Iwe Sikina, are you serious?"

"Bwerani mudzaone."

Loko sindinasinthe, koma anabwera.

Muholo munali anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, azungu, amwenye, anthu a ku Philippines, a ku Somalia, ndi Amalawi angapo amene ndikukhulupirira kuti anabwera atamva kuti agogo ozimitsa moto adzakhalako. Baba anavala mkanjo wawo woyera ndi chijasi pamwamba, ndevu atazimeta kuti zifanane mbali zonse. Anakhala pakati pa ine ndi achimwene, jumbo ili pamiyendo.

Phungu analankhula za bilu yake, za maphunziro m'sukulu, za uthenga wa pa intaneti ndi pafoni. Kenaka anaimirira Olivia, mayi wamfupi wa tsitsi la imvi zapatalipatali, amene sindinkamudziwa nkhope chifukwa pa kanema anali ndi chisoti. Anaonetsa zithunzi za dambo lisanapse, litapsa lili bii, ndi litaphuka maluwa. Anafotokoza mmene amayezera mphepo ndi mmene amanyowetsera m'mphepete. Analankhula bwino, mosadzitama. Ine ndinkawanong'oneza Baba zimene akunena, iwo akugwedeza mutu. Anthu anafunsa za mphumu, za agalu, za utsi wolowa m'mawindo. Nthawi inkatha, Baba ali phee. Achimwene ankangoyang'ana wotchi.

Woyendetsa msonkhano atati watsala munthu mmodzi womaliza, Baba anaimirira.

"Agwire!" ananong'ona achimwene. "Sikina, agwire mkono!"

Ndinapinda manja anga pachifuwa. Baba anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, jumbo ili m'manja, naima pa maikolofoni n'kupereka salamu. Kumbuyo ndinamva wina akuseka chamumtima. Woyendetsa msonkhano anafunsa ngati pali wachibale woti amasulire, ndipo maso a achimwene anabwera kwa ine, chifukwa kuchipatala ndi kubanki womasulira ndimakhala ine.

Ndinaimika dzanja n'kunena mokweza m'Chingerezi kuti mwana wawo wamwamuna ndi amene amasulire. Kenaka ndinawauza achimwene m'Chichewa, "Pitani. Chingerezi chanu n'chabwino, mwakhala mukuchilankhula kwambiri pamaso pawo."

Anandiyang'ana diso loti tikambirana kunyumba, koma anthu onse anali atatembenuka, ndiye anapita.

"Dzina langa ndine Wadi," anayamba Baba, achimwene akutembenuza chiganizo chilichonse. "Ndine uja munamuona pafoni. Ndabwera ndi milandu iwiri, woyamba ndi wanga. Mayi awa ndinawamenya ndi nthambi ali pantchito yawo. Iwo m'malo mobwezera anandichotsa m'moto. Kwathu munthu ukalakwira mnzako supepesa chimanjamanja."

Anamasula jumbo ija n'kutulutsa nkhuku yathunthu, yosadula, yochinjidwa kubutchala ya halaali, ikadali m'pulasitiki mwake. Anaigwira ndi manja awiri, nawerama pang'ono ngakhale mawondo ankakana, n'kuipereka kwa Olivia.

"Ikanakhala yamoyo, koma kuno akuti salola m'basi."

Achimwene anazengereza, nkhope itagwa ndi manyazi, koma anamasulira. Holo yonse inaseka, ndipo kuseka kwake sikunali kwa pa WhatsApp kuja. Olivia sanaseke. Anayang'ana mmene Baba agwirira nkhukuyo, nayenso anatambasula manja onse awiri n'kuilandira. Anati wakhululuka, ndipo anafunsa za dzanja. Baba analitambasula kuti alione.

"Mlandu wanga watha," anatero Baba. "Tsopano wanu. Mayi, munauza ndani musanayatse?"

Olivia anayankha moona mtima. Anati anamata zidziwitso m'nyumba zonse zoyandikana ndi dambo, anaika pa intaneti, anadziwitsa ozimitsa moto, ndipo anazunguliza tepi.

"Ndamva. Ntchito munagwira. Koma ine pepala lanu sinditha kuwerenga, ndipo m'nyumba imene ndimakhala tilimo ambiri otere. Musaganize kuti moto timauopa. Kwathu nafenso timaotcha. Timaotcha udzu usanaumitsitse, timalambula m'mphepete, timadikira mphepo igone, monga mwanenera inu. Koma tisanayatse, mwini moto amayenda yekha khomo ndi khomo. Amati, mawa ndikuotcha kwanga, mangani mbuzi, ana asapite kumeneko. Ndipo sachoka pakhomopo mpaka mwini nyumba atayankha kuti ndamva. Akapanda kuyankha, ndiye kuti sunamuuze. Tsono moto umene sunauzidwe, ukauona, umathyola nthambi n'kuthamanga. Sufunsa kuti ndi wa yani, chifukwa pofunsapo nkhokwe ya mnzako yatha."

Ine maso anga sanali pa Baba, anali pa achimwene. Poyamba ankamasulira mothamanga, ngati munthu wofuna kuti zithe. Atafika pa za kulambula ndi za mphepo anayamba kuchedwa, kusankha mawu, mpaka pena kubwerera kuti akonze. Pa mawu oti nkhokwe anaima kaye, nafotokozera anthuwo kuti ndi mosungira chimanga cha chaka chonse, ndipo anawonjezera zawozawo, kuti iwonso ali mwana anathamangapo ndi nthambi. Zimenezo Baba sananene.

Olivia anati zoyenda khomo ndi khomo akuzifuna, koma gulu lake ndi la anthu ochepa ndipo nyumba zosanja ndi zambiri, zilankhulo zake osanena. Anatembenukira kwa phungu n'kufunsa ngati biluyo ingathandize kupeza anthu a m'nyumba momwemo oti aziuza anzawo pakamwa. Phungu anati sangalonjeze kuti lamulo lidutsa, koma mfundoyo akaitula kukomiti. Andale amatero, ndiye sindinaombe m'manja kwambiri.

"Ine ntchito ndilibe," anatero Baba atamva. "Zitseko za m'nyumba mwathu ndidzagogoda ndine. Ndinazigogodapo kale, sanatsegule. Ulendo uno ndidzapita ndi mwana wanga wamkazi, amene samva kukana."

Apa ndiye anthu anaomba m'manja, ngakhale Amalawi aja. Mmodzi wa iwo, amene ndikumudziwa bwino kuti ndi amene anaika nyimbo pa kanema, anaomba kuposa onse. Ndinamuyang'ana mpaka anatsitsa manja.

Msonkhano utatha tinatuluka atatu kupita pamene achimwene anaimika galimoto. Kunali kamphepo kozizira ngakhale dzuwa linali likuwala. Achimwene anatsegula chitseko chakutsogolo kuti Baba alowe, koma Baba sanalowe. Anaima atagwira chitsekocho ndi dzanja lopsa lija.

"Ilyas."

"Baba."

"Izi n'zosamasulira. Lero ndi Loweruka. Dziko lino ndi Canada. Iwe ndiwe mwana wanga woyamba, unabadwa mvula ikugwa, amako ali ndi malungo. Pali funso lina?"

Achimwene anayang'ana pansi.

"Chingerezi sindimva, koma dzina langa ndimalimva. Dzina la Oshawa ndimalimvanso. Wakhala ukukonza zondisamutsa ndili pompo, ngati ukukonza zosamutsa kabati. Mayi uja anamata pepala, iwe ngakhale pepala sunamate."

"Baba, ndinkaopa. Nditaona kanema uja…"

"Ndikudziwa. Nanenso ndinkaopa, n'chifukwa chake ndinamenya munthu wosalakwa. Ndiye ndikukuuza pakamwa, pano, mlongo wako ali mboni. Kwa dokotala ndipita, akaone dzanjali ndi mawondowa, mafunso akewo ndikayankha. Tsiku limene mutu wanga udzayambe kutayika, mudzakhale pansi nonse awiri, mudzandiuze m'Chichewa, tidzakambirane. Koma lero kwathu ndi kwa Sikina. Ku Oshawa ndizibwera kudzaona adzukulu."

Achimwene anagwedeza mutu, napukuta m'maso ndi chikhatho, nazungulira galimoto kuti akalowe mbali yawo. Analowa, analiza injini, anamanga lamba. Atatembenuka anapeza Baba akadali chiimire panja, dzanja lili pachitseko, akuwayang'ana.

"Baba, lowani, kukuzizira."

Baba sanasunthe. Achimwene anandiyang'ana ine kuti ndiwathandize, ine ndinayang'ana kumwamba. Ndinkamva chisoni, inde, chifukwa ndi achimwene anga ndipo ndimawakonda, koma sindikanawapulumutsa pamenepa ngakhale akanandigwadira.

Kenaka anazindikira. Anazimitsa injini, anamasula lamba, anatuluka n'kuzunguliranso galimoto mpaka pamene panali Baba. Munthu wamkulu, wa ana atatu, bwana kuntchito kwake, anavula chipewa pamalo oimika galimoto a laibulale n'kugwira dzanja lopsalo ndi manja awiri.

"Ndamva, Baba."

Baba analowa m'galimoto, nandiuza kuti tikafika ndiwatsegulire makatani.